Funsani mwana wanu: Kodi uwerenga ndi ndani?

Caka ciri conse, zokolola zikagulitsidwa, pali makolo amene ndalama ya cimanga, ya nshawa kapena ya soya saigwira n'komwe. Imangocoka kwa wogula, n'kulowa mu foni, n'kupita ku Lusaka, ku Kitwe, ku Kabwe kapena ku Chipata kumene mwana ali pa koleji. Ena agulitsa ng'ombe ya pa joko. Ena alowa m'cilimba. Makolo awa akatuma foni, mafunso ao amakhala awiri: "Kodi wadya?" ndi "Kodi ndalama yafika?" Mafunso abwino ndithu. Koma lero tifuna kuonjezapo lacitatu, limene lingapulumutse ng'ombe ija kuti isapite pacabe: "Kodi uwerenga ndi ndani?"

Mnyamata wina wa kufupi ndi kwathu anali woyamba m'kalasi kuyambira Giredi 8 mpaka Giredi 12. Tsiku lopita ku maphunziro apamwamba, mudzi wonse unamperekeza pa msewu. Patapita miyezi khumi anabwera usiku ndi cikwama cake, osafuna kuonana ndi munthu. Anali atafeluka masamu ndi phunziro lina la sayansi. Mowa sanali kumwa. Za atsikana sanali nazo nchito. Anali kuwerenga mpaka tambala woyamba. Titakhala naye pansi pa mtengo, anatiuza kuti: "Atate, m'kalasi tinali mazana. Aphunzitsi akalankhula, anzanga anali kugwedeza mitu, ine n'kuganiza kuti wosamva ndine ndekha. Ndinacita manyazi kufunsa." Zotsatira zitatuluka anapeza kuti ambiri mwa ogwedeza mitu aja anagwa naye limodzi. Aliyense anali kubisa umbuli wake kwa mnzake amene anali kubisanso wake.

Nkhani iyi si ya mnyamata mmodzi. Ku sekondale mphunzitsi amadziwa mwana ndi dzina, amalemba manotsi pa bolodi, amaona buku la nchito, ndipo mwana akajomba amafunsa. Ku yunivesiti mphunzitsi amalowa, amalankhula Cizungu ca liwiro kwa ola limodzi, n'kutuluka kupita ku kalasi lina. Si nkhanza ai, anthu ndiwo aculuka. Yunivesiti ya Zambia itatsegulidwa mu 1966 inayamba ndi ophunzira 312. Lero kuli masauzande ambiri, ndipo pabwera Copperbelt mu 1987, Mulungushi mu 2008, ndi makoleji ena ambiri a boma ndi a anthu wamba. Kuyambira mu 2022 maphunziro a pulaimale ndi sekondale m'masukulu a boma ndi aulere, kutanthauza kuti ana ogogoda pa citseko ca koleji adzapitirira kuculuka. Ambiri mwa iwo ndi oyamba m'banja mwao kufika kumeneko. Alibe mkulu wao wowauza kuti njira ya kuno amayenda motere.

Bvuto ili analiona kale anthu a maiko ena, ndipo zimene anapeza ziyenera kudziwika kuno kwathu.

M'zaka za 1975 ndi 1976, pa yunivesiti ya California ku Berkeley, m'dziko la America, mphunzitsi wina wa masamu dzina lake Uri Treisman anafuna kudziwa cifukwa cimene ophunzira akuda ambiri anali kugwa pa masamu a caka coyamba, pamene ophunzira a mtundu wa ku China anali kuphasa. Anthu anali ndi mayankho ao okonzeratu: akuti ndi ulesi, akuti ndi umphawi, akuti makolo sasamala. Iye anatsatira ophunzira 20 a gulu ili ndi 20 a gulu linalo, kuona m'mene anali kukhalira ndi kuwerengera. Anapeza kuti ogwa aja anali akhama, ndipo ambiri anali ana anzeru pa masukulu amene anacokera. Kusiyana kunali apa: iwo anali kuwerenga okha-okha, citseko cotseka. Anzao aja anali kuyamba awerenga payekha, kenaka n'kukumana madzulo, kudya pamodzi, kuonetsana masamu, kutsutsana ndi kukonzana zolakwa. Treisman atayambitsa magulu otere, sanawache magulu a ofooka. Anawapatsa masamu obvuta koposa a m'kalasi kuti alimbane nao pamodzi, ndipo ophunzira amene kale anali kugwa anayamba kuphasa bwino.

Zaka ziwiri izi zisanacitike, mu 1973, pa yunivesiti ya Missouri mu mzinda wa Kansas City, mai wina dzina lake Deanna Martin anapatsidwa nchito yocepetsa ciwerengero ca ophunzira osiya maphunziro a udokotala, a mano ndi a mankhwala. Njira imene anakonza anaicha Supplemental Instruction, mwacidule SI. Mu 1981 unduna wa maphunziro wa America unaibvomereza monga njira ya citsanzo. Inafalikira ku Britain ndi ku Australia, kumene ambiri amaicha PASS, komanso ku Sweden. Kuno ku Africa inakhazikika pa yunivesiti ya Port Elizabeth ku South Africa mu 1993, imene lero ndi Nelson Mandela University. Nthawi imeneyo mayunivesiti a kumeneko anali kuyamba kulandira ana ambiri ocokera ku masukulu osauka a nthawi ya tsankho.

Kayendetsedwe kake n'kosabvuta kumva. Akulu a yunivesiti amaona m'mabuku ao maphunziro amene amagwetsa anthu caka ndi caka, makamaka amene ophunzira 30 kapena kuposa mwa 100 alionse amafeluka, amapeza magiredi otsika, kapena amasiyira panjira. Pa phunziro lotere amasankha wophunzira amene analiphasa bwino caka catha. Amamphunzitsa kutsogolera gulu. Iye amabwereranso kukakhala m'kalasi lija pamodzi ndi atsopano, kumvera ndi kulemba manotsi. Ndiyeno kawiri kapena katatu pa sabata amakumana ndi gulu kwa ola limodzi. Wofuna amabwera, palibe kukakamiza, palibe kulipira.

Inu alimi nzeru iyi muidziwa kale. Alangizi a zaulimi ndi ocepa, midzi ndi yambiri. Ulimi wa gamphani sunafalikire cifukwa ca mlangizi yekha. Unafalikira cifukwa ca mlimi wotsogolera, munthu wa m'mudzi momwemo, amene anakumba maenje m'munda mwake, anzake n'kubwera kudzaona, kufunsa mopanda mantha, ndi kuyesa okha ndi khasu m'manja. Kwa mlangizi wobvala nsapato munthu amaopa kufunsa funso looneka lopusa. Kwa mnzake amafunsa. Safunsa anadya phula.

Tsono magulu owerengera pamodzi si acilendo m'makoleji athu. Ana athu amapangana okha, makamaka mayeso akayandikira. Ena amawathandiza, ena amangotaya nthawi. Cimene tipempha n'cakuti akulu a makoleji aleke kuona magulu awa monga nkhani ya ana okha. Awatenge monga nchito ya koleji, yokhala ndi mwini wake, nthawi yake, cipinda cake ndi ndalama yake. Ndipo pali zinthu zingapo zimene zimasiyanitsa gulu lothandiza ndi gulu la cabe.

Coyamba, lozani cala phunziro, osati mwana. Mukalengeza kuti "ofooka onse abwere Lacitatu", sipadzabwera munthu, cifukwa palibe amene afuna kulembedwa dzina la mbuli pamaso pa anzake. Koma mukanena kuti "phunziro ili ndi lobvuta kwa aliyense, ndipo onse ali ndi malo", wanzeru ndi wobvutika adzakhala pa benchi limodzi. Gulu la ofooka okha-okha lilibe wokoka anzake.

Caciwiri, yambani sabata yoyamba. Mlimi wopalira cimanga udzu utafika m'ciuno wataya kale theka la zokolola. Thandizo lofika mayeso atatsala masabata awiri limangophunzitsa kuloweza. Mwana wocokera kumudzi amasokera m'mwezi woyamba, pamene sadziwa kulemba manotsi mphunzitsi akulankhula, sadziwa kugawa nthawi, sadziwa kuti tesiti ya pakati pa caka imawerengedwa pa zotsatira zomaliza.

Cacitatu, sankhani bwino mtsogoleri. Si wanzeru aliyense angathe nchito iyi. Pali ana anzeru amene sadziwa cifukwa cake ena samva, ndipo amapsa mtima msanga. Kawiri-kawiri mtsogoleri wabwino ndi uja amene anabvutika poyamba, n'kupeza njira, n'kuphasa bwino. Adziwa pamene pali dzenje cifukwa anagweramo. Akhale wofatsa, wosunga nthawi, wosanyoza Cizungu ca mnzake. Pakhale atsikana pakati pa atsogoleri, ndipo makamaka pa masamu ndi sayansi, kuti mwana wamkazi wa caka coyamba aone ndi maso kuti n'zotheka.

Cacinai, ndipo ici ndico cobvuta koposa, mtsogoleri asasanduke mphunzitsi wamng'ono. Ciyeso cake n'cacikulu. Gulu lifuna mayankho, iye awadziwa, ndipo kuima kutsogolo ndi coko kumakoma. Koma akatero, anzake abwerera ku kugwedeza mitu. Mu njira ya SI mtsogoleri amaphunzitsidwa zinthu zitatu. Akafunsidwa funso, alibweze ku gulu: "Ndani ali ndi ganizo? Manotsi anu akuti bwanji?" Akafunsa funso, adikire, asathamangire kudziyankha, pakuti mwana wamanyazi amafuna kamphindi kuti asonkhanitse mau. Ndipo asakhutire ndi yankho lakuti "tamva". Auze mmodzi kuti afotokoze m'mau ake, kapena akonze samu lina lofanana nalo pa bolodi. Munthu amadziwa kuti wamvetsa pamene watha kufotokozera wina. Ngati pofotokozerana ana alowetsamo Cinyanja, Cibemba kapena Citonga kuti mfundo ilowe, palibe colakwa, malinga pomaliza ailembe m'Cizungu ca mayeso. Zonsezi sizibwera zokha. Mtsogoleri afunika masiku a maphunziro temu isanayambe, ndi kukumana ndi atsogoleri anzake pafupi-pafupi.

Cacisanu, pakhale woyang'anira. Munda wopanda mwini umadyedwa ndi mbuzi. Pafunika munthu wolembedwa nchito pa koleji amene amayendera magulu, kukhala kumbuyo, kumvera, ndi kulangiza mtsogoleri pambali. Mphunzitsi wa phunzirolo naye agwirizane ndi mtsogoleri: amuuze zimene zikubwera, ndipo amve kwa iye pamene ana akukakamira. Koma mtsogoleri asaconge mayeso, ndipo asapereke kwa mphunzitsi maina a amene anafunsa mafunso osonyeza kusadziwa. Gulu likadziwika kuti ndi khutu la aphunzitsi, latha.

Cacisanu ndi cimodzi, mtsogoleri alipidwe. Naye ndi mwana wa munthu, ali ndi lendi ndi mayeso ake. Kukhala m'kalasi, kukonzekera ndi kutsogolera gulu kumadya maola ambiri pa sabata. Kaya ndi kandalama ka mwezi, kaya ndi kucepetsa fizi, kaya ndi kalata yomcitira umboni pofuna nchito, pakhale cina cake colembedwa. Nchito yongodzipereka imayamba ndi moto mu temu yoyamba, n'kuzima mu yaciwiri. Ndiponso mtsogoleri wosalipidwa ndi koleji sacedwa kuyamba kulipiritsa anzake, ndipo gulu limasanduka tyushoni imene mwana wa mlimi sangakwanitse.

Cacisanu ndi ciwiri, nthawi ndi malo. Ana ambiri sagona pa koleji, ali m'nyumba za lendi m'makomboni. Gulu lokumana usiku limatsekera kunja mtsikana amene ayenera kuyenda mtunda mumdima, ndi mai wapabanja amene ali ndi mwana kunyumba. Maola a magulu alowe pa ndandanda ya koleji, masana, m'cipinda codziwika, osati m'cipinda cogona ca munthu. Pakhalenso lamulo lomveka ndi malo okadandaula ngati mtsogoleri ayamba kupempha cikondi kapena mphatso posinthana ndi thandizo.

Cotsiriza, lembani ndi kuyesa. Mlimi wanzeru amawerenga matumba a munda wothira manyowa ndi a munda wosathira. Koleji ilembe amene amabwera, kangati, ndi m'mene anaphasira poyerekeza ndi osabwera. Iwerengenso amene sabwera, ndi kufunsa cifukwa. Apa tinene zoona zonse. Mu 2014 akatswiri ena anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka za 2001 mpaka 2010 pa njira ya SI, ndipo anapeza kuti obwera ku magulu kawiri-kawiri amapeza magiredi apamwamba, ndipo ogwa ndi osiya amacepa. Koma anacenjezanso kuti kafukufuku wambiri anali ndi zoperewera. Cifukwa cimodzi n'cakuti amene amabwera mwa kufuna kwao nthawi zambiri ndi akhama kale. Pa yunivesiti ya Wollongong ku Australia anayesa mwa njira ina: anasankha ophunzira mwa maere, n'kuwakopa ndi mwai wa mphoto kuti abwere. Zotsatira, zofalitsidwa mu 2016, zinaonetsa kuti obwera anaonjezeka, koma phindu pa magiredi silinaoneke mokwanira kuti munthu alumbirepo. Phunziro lake ndi ili: kungolowa m'cipinda sikuphasitsa munthu. Cimene cimacitika m'cipindamo ndico cofunika, ndipo koleji iri yonse iyese magulu ake ndi kukonza pamene pali polakwika.

N'cifukwa cake tikana kuti magulu awa akhale cobisalira ca boma kapena ca eni makoleji. Salowa m'malo mwa aphunzitsi okwanira, mabuku, malabu ndi malo ogona. Dima imathandiza kulima, koma siigula mbeu. Amene angaganize zolemba ana a caka cacitatu kuti apewe kulemba aphunzitsi, akubera ophunzira ndi makolo omwe.

Ticenjezenso ana athu. Gulu lokopana nchito, mmodzi alembe ena asinthe dzina, si gulu lowerenga. Gulu losonkha ndalama kusaka likeji ndi njira ya kucotsedwa sukulu. Masiku ano mafoni ali ndi mapulogalamu monga ChatGPT amene amayankha funso m'kamphindi, ndipo nthawi zina amayankha zabodza molimba mtima. Yankho la pa foni silidzalowa nawe m'cipinda ca mayeso. Namwino amene anaphasa mwa kukopa adzabaya jekeseni mai wako. Mlangizi amene anaphasa mwa likeji adzakuuza mlingo wolakwika wa mankhwala a thonje. Ubwino wa gulu ndi wakuti mnzako amakufunsa kuti "cifukwa ciani?" ndipo pamenepo kudziwa ndi kuloweza zimasiyana.

Kwa amene asunga thumba la ndalama tinena izi. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limapereka ngongole kwa ophunzira, ndipo ngongole ndi ngongole, iyenera kubwezedwa. Mwana womaliza maphunziro ndiye ali ndi mwai wopeza nchito ndi kubweza. Ndalama ya CDF, imene mu 2022 inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ikulipirira acinyamata ambiri m'masukulu a nchito za manja. Makomiti amene amasankha ana awa asalekere pa kulipira fizi. Afunse makoleji kuti: mwa ana amene tinakutumizirani, angati amaliza, ndipo muli ndi thandizo lanji kwa obvutika? Malipiro a atsogoleri ocepa a magulu ndi ndalama yaing'ono poyerekeza ndi fizi ya ana onse obwerera kumudzi caka coyamba. Mabungwe a ophunzira nawo, amene amadziwa kukweza mau pa nkhani ya ndalama ya cakudya, akweze mau omwewo pa nkhani iyi.

Nanga inu makolo, amene mwina simunaponde pa khomo la koleji, mbali yanu ndi iti? Iripo, ndipo ndi yaikulu. Ambiri a ife timatsazika mwana ndi mau akuti: "Usakacite za magulu, ukasamale zako." Timanena poopa mowa, camba ndi mimba, ndipo mantha athu ali ndi cifukwa. Koma mwana womvera amatenga mau aja onse, n'kudzitsekera m'cipinda. Tisinthe malangizo. Timuuze kuti: pewa gulu la mowa, funa gulu la mabuku. Mu sabata yoyamba peza anzako atatu kapena anai a phunziro limodzi. Werenga wekha coyamba, kuti upite ku gulu ndi kanthu m'manja, pakuti ku dima sapita wopanda khasu. Ngati koleji iri ndi magulu otsogoleredwa ndi ophunzira akale, pita, ngakhale uone ngati ukumva zonse. Ukagwa tesiti yoyamba, tiuze msanga, sitidzakutaya.

Mau otsirizawo ndi ofunika koposa. Ana ambiri amabisa kugwa kwao cifukwa adziwa kuti ng'ombe inagulitsidwa. Amanyamula mudzi wonse pamutu, osauza munthu, mpaka zinthu zitaonongeka. Mwana amene adziwa kuti kwao angathe kunena zoona, amafuna thandizo nthawi ikalipo.

Ndipo inu amene muli ndi ana a caka cacitatu kapena cacinai, akabwera pa holide auzeni kuti asonkhanitse ang'ono ao a m'dera amene angosankhidwa kumene. Akhale nao masana amodzi, awauze za kalembedwe ka manotsi, za matesiti, za lendi, za maphunziro ogwetsa anthu, ndi kupatsana manambala. Izi sizifuna cilolezo ca nduna kapena ndalama ya wopereka thandizo. Zifuna mpando ndi mthunzi cabe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mnyamata uja anakhala kumudzi caka cimodzi akuthandiza atate ake kumunda. Pambuyo pake anapeza malo pa koleji ina. Tsiku lonyamuka sanaperekezedwe ndi mudzi wonse, anangopita ndi amalume ake pa njinga. Atakhala mwezi umodzi anatuma foni, ndipo amai ake atamfunsa ngati wadya, anawonjeza funso lija. Iye anachula maina anai. Ali m'caka cake comaliza tsopano, ndipo Laciwiri ndi Lacinai masana amakhala ndi ana a caka coyamba.

Madzulo ano, mukatuma foni, funsani.